Mafunso a m'Kontena

Abambo anga anathawa Lachinayi m'mawa, ine ndili kudimba. Chitseko ndinatseka ndi loko monga mwa masiku onse, koma ndinaiwala zenera la kuchipinda, lija linathyoka chotsekera chaka chatha. Munthu wa zaka 79, wa maondo olira ngati chitseko cha khola, kudumpha pazenera! Amene amati odwala matenda oiwala alibe nzeru sanakhale nawo m'nyumba.

Eya, ndimawatsekera, ndipo musandiyang'ane choncho. Amene akuona kuti ndi nkhanza abwere adzakhale nawo sabata imodzi yokha, ine ndikapume. Adzawasambitse akukana, adzawadyetse akulavula, adzayankhe kakhumi pa tsiku funso loti, “Kodi mayi inu ndinu ndani m'nyumba muno?” Dzina langa ndine Emelda, mwana wawo wachiwiri, ndipo papita zaka zitatu chitchulireni dzina limeneli pamaso panga.

Iwo ndi a Vitus Mbewe. Anaphunzitsa zaka 34 m'masukulu a ku Chiosya ndi cha ku Ludzi. Mutu unayamba kusokonekera amayi atamwalira, ndipo achipatala anatiuza mosabisa kuti ndi matenda oiwala a ukalamba, mankhwala ake palibe. Ndinawatenga ku Chiosya n'kubwera nawo kuno kwanga, kufupi ndi boda, komwe palibe amene anawaonapo ataima kutsogolo kwa kalasi. Mchimwene wanga Grey ali ku Joni. Iye ntchito yake ndi kutumiza mavoisi pa foni Lamlungu lililonse: “Mlongo, muziwapatsa zipatso, muziwayendetsa pang'ono.” Zikomo kwambiri adokotala a ku Joni, tamva.

Kale abambo ankadziwika ndi chinthu chimodzi, mafunso. Lachisanu lililonse kusukulu ankaimitsa ana pamzere, kuwomba m'manja kawiri, phwa phwa, n'kufuula kuti, “Funso!” Wofunsidwa ankaima njo, manja kumbuyo, n'kuyankha chiganizo chathunthu. Malikulu a mayiko, mitsinje, mapiri, mpira, magule, chilichonse chimene anamva pa wailesi kapena kuwerenga mu nyuzipepala yokulungira usipa. Ndipo sankazisiya kusukulu ayi. Kunyumba, tisanasambe m'manja kuti tidye, phwa phwa, “Funso!” Grey ankayankha mafunso asanathe n'komwe. Ine ndinkangoima ngati chitsa, ndiwo zikuzizira. “Emelda,” ankatero abambo akupukusa mutu, “mutu wakowo ndi sefa.” Mafunso amenewo ndinkadana nawo kuchokera pansi pa mtima.

Tsiku limenelo ndinali kuthirira mpiru pamene Stefano, wa njinga yamoto ya kabaza, anaima pamsewu n'kuyamba kuuza amayi anzanga nkhani yotentha.

“Paboda agwira mfiti! Masana dzuwa likuswa mtengo! Nkhalamba yovala tayi, yanyamula lichero!”

Keni inandigwa m'manja. M'dera lonse lino ndani wina angavale tayi mu Okutobala? Tsiku lililonse abambo amadzuka, kuvala shati yoyera ndi tayi yofiira, kukhala pampando kudikira belu. Ndipo lichero linali langa, ndinalisiya pakhonde ndi mtedza.

“Stefano, liza njinga,” ndinatero. “Amenewo ndi abambo anga.”

Tili m'njira anandiuza zonse, mphepo ikudula mawu ake. Akuti nkhalambayo inafika kuseri kwa magolosale itafunda lichero kumutu. Inapeza ana asanu ndi mmodzi akusewera, n'kuwaimitsa pamzere. Inatola khala, n'kujambula chinthu chachikulu chokhotakhota pakhoma la nyumba ya munthu. Kenako inaloza pamwamba pa chojambulacho n'kuuza anawo kuti, “Lero tipita ku Egypt. Tikabwerako tidzera ku Congo.” Mwana mmodzi anathamangira kwa amake akulira kuti agogo ena akufuna kuwaulutsa. Basi, nkhani inathera pomwepo. Nkhalamba yosadziwika, lichero, ana pamzere, ulendo wa ku Egypt: kwathu kuno simufunikanso umboni wina.

Tinafika dzuwa lili paliwombo. Mathiraki anali atandandalika m'mbali mwa msewu kudikira mapepala, ndipo anthu anali atadzaza kutsogolo kwa golosale ina ya kontena yabuluu. Ena miyala m'manja, ena mafoni m'mwamba kujambula. Stefano ananditsitsa patali n'kunena kuti iye njinga si yake, sangayandikire. Sindikumunena, anachita zake.

Ndinadutsa pakati pa anthuwo ndi zigongono, ndikukuwa kuti, “Ndi abambo anga! Ndi odwala!” Wina anandikoka mpango, wina anandiponda. Chitseko cha kontena chinatseguka pang'ono, dzanja linatuluka n'kundikokera m'kati, kenako ndinamva chitsulo chikugwa kumbuyo kwanga, khwethe, ndi loko pamwamba pake.

Amene anandikokayo anali mwini golosale, mayi wamfupi wonenepa, dzina lake Caroline. Ndiye anawalanditsa abambo miyala itayamba.

“Ndinu mwana wawo zoona?” anafunsa akupuma mofulumira. “Ine sindiwadziwa, koma sindingaonerere munthu akuphedwa pakhomo panga. Apolisi ndawaimbira, ali kutali ndi ngozi ya galimoto, akuti akubwera. Koma ndikuuzeni chilungamo, asisi. Uyo Fletcher akuopseza kuti akatenga petulo. Ine ndili ndi ana, ndipo zonse zanga zili muno. Ndikangoona machesi, nditsegula.”

Ndinatembenuka kufunafuna abambo.

M'kontenamo munali ngati mu uvuni. Mpweya unkalowera pa kawindo kamodzi ka waya kogulitsirapo, ndipo kawindoko kanali katadzaza nkhope za anthu. Fungo la sopo, usipa ndi thukuta linali lokhalitsa pansi. Abambo anali atakhala pa kireti ya mabotolo, msana uli chilili, lichero pamaondo. Pamwamba pa diso lamanzere panali bala, magazi atatsikira pa kolala. Tayi inali m'malo mwake.

“Ababa,” ndinatero ndikugwada. “Ababa, mwatani kodi?”

Anandiyang'ana mwaulemu ngati mmene amayang'anira mlendo. “Ana a kuno ndi aphokoso,” anatero. “Ahedi ali kuti?”

Mwala unamenya denga, gwaa! Kontena yonse inalira m'makutu. Caroline anagwira mutu. Kenako pakawindo panabwera nkhope ya mwamuna wamtali wa maso ofiira, atavala epuloni ya mafuta a chipisi. Ameneyo ndiye anali Fletcher, ndipo awiri mwa ana aja anali ake.

“Mayi iwe ukuti ndi bambo ako?”

“Ndi abambo anga. Anali aphunzitsi. Akudwala matenda oiwala.”

“Aliyense akhoza kunena zimenezo. Anene okha.” Anatembenukira kwa anthu. “Tamverani! Akavomera kuti uyu ndi mwana wawo, timva. Madala! Mayi uyu mukumudziwa?”

Ine ndinagwira dzanja la abambo, ndikulifinya, ndikupemphera chamumtima kuti Ambuye, kamodzi kokha, lero lokha. Abambo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mosafulumira, kenako anachotsa dzanja lawo m'manja mwanga.

“Pepani,” anatero momveka bwino, ndi mawu aja a m'kalasi. “Mayi awa sindikuwadziwa.”

Mayo ine! Phokoso limene linabuka kunjako sindidzaliiwala. “Wamva! Wabodza! Ndi mfiti inzake! Abwera kudzatengana!” Miyala inagwa padenga ngati matalala. Anthu anayamba kugwedeza kontena, mapaketi a shuga n'kumagwa m'mashelefu. Ndinakwiya, ndikuuzeni, ndinakwiya kuposa mantha. Zaka zitatu ndikuchapa zofunda zawo, sindipita kumaliro, sindipita kumphakati, mwamuna wanga anatopa n'kupita kwawo, ndipo lero andiphetsa ndi mawu aulemu akuti pepani. Ndinafuna kuwagwira tayiyo n'kuwagwedeza. Ndinangokhala pansi pa thumba la mchere n'kuluma mlomo.

Ndinaimbira Grey, sindikudziwa chifukwa chake. Foni inaitana mpaka kuduka.

Pakati pa phokosolo panamveka mawu ena okhuthala, a Chinyanja cha ku Zambia. “Imwe, yembekezani! Ine nayenda kuona pa chipupa paja. Ija ni mapu ya Africa, nanga simunapite ku sukulu?” Anali dalaivala wa thiraki, bambo wa mimba yake, thaulo paphewa. Pambuyo pake ndinamva kuti dzina lake ndi Lameki, ndipo anali atakhala pabodapo masiku anayi kudikira mapepala a katundu. Anthu sanamumvere. Ndiye anafika pakontena n'kumenya chitsulo ndi chikhatho kuti anthu akhale chete. Anamenya kawiri. Phwa, phwa.

Abambo anaimirira.

Anaika lichero pansi, kuwongola tayi, manja kumbuyo, chibwano m'mwamba. Maso awo, amene masiku onse amangoyendayenda ngati a mwana wotayika pamsika, anali atalunjika pakawindo, akudikira. Zaka zitatu zonsezi sindinayesepo n'kamodzi komwe, chifukwa m'nyumba mwanga ndinalumbira kuti simudzamveka kuwomba kumeneko.

Ndinathamangira pakawindo. “Achimwene! Inu a thaulo! Menyaninso kawiri, munene kuti ‘Funso’, kenako afunseni chilichonse cha kusukulu. Chilichonse! Muona kuti ndi mphunzitsi.”

Lameki anandiyang'ana ngati ndapenga, koma munthu amene wakhala masiku anayi akuwerenga matayala a thiraki yake sakana zosangalatsa. Phwa, phwa.

“Funso! Ba mudala, kuchoka pa Chipata kuyenda ku Lusaka, ni mtsinje bwanji ukulu wamene timaoloka?”

“Mtsinje waukulu umene timawoloka pakati pa Chipata ndi Lusaka ndi Luangwa,” anayankha abambo, mawu osanjenjemera n'komwe.

“Ah! Ni zoona!” Lameki anaseka n'kutembenukira kwa anthu. Phwa, phwa. “Funso! Likulu ya Tanzania?”

“Dar es Salaam!” anakuwa mnyamata wina kumbuyo, wa mwala m'manja.

“Amene wayankha asanalozedweyo akhale pansi,” anatero abambo. “Likulu la Tanzania ndi Dodoma.”

“Dodoma!” Lameki anamenya ntchafu. “Ine nimapitako, ni Dodoma! Iwe wa mwala, wagwa mayeso!”

Anthu ena anaseka. Kuseka kumeneko ndinakumva ngati madzi ozizira pakhosi. Anyamata osintha ndalama paboda anayamba kukankhana kuti afike pakawindo, aliyense ndi funso lake, aliyense akumenya kontena kawiri ngati anabadwa akudziwa lamulolo.

“Funso! Flames inapita liti koyamba ku chikho cha Africa?”

“Flames inapita koyamba ku chikho cha Africa mu 1984, ku Ivory Coast.”

“Funso! Nanga Zambia inatenga liti chikhocho?”

“Zambia inatenga chikho cha Africa mu 2012, ku Gabon, itagonjetsa Ivory Coast pa mapenate, 8 kwa 7.”

Lameki anavula thaulo n'kuliponya m'mwamba. “Ba mudala aba ni a Chipolopolo! Musabagwire!”

Mafunso anagwa ngati mvula. Phiri lalitali m'Malawi muno? Mulanje, nsonga yake Sapitwa. Mchinji kale inkatchedwa chiyani? Fort Manning, ndipo theka la anthu obadwira konkuno linangoti kukamwa yasa. Mayi wina wogulitsa nthochi anafunsa kumene kunachokera nyimbo za rege, akuti Jamaica. Wina anafunsa za kalindula, akuti kwa anzathu a ku Zambia. Wina anafuna kuwakola, n'kufunsa amene anatenga chikho cha dziko lonse mu 2022. Abambo anakwinya nkhope.

“Funso limenelo ndi lolakwika. Chikho chimenecho sichinaseweredwe.”

Anthu anafa nacho chiseko. Ine sindinaseke. Ndinadziwa kuti pamenepo ndi pamene kalendala ya m'mutu mwawo inaimira, kwinakwake amayi akadali moyo. Thukuta linkayenderera m'masaya mwawo, shati itamatirira pamsana, koma sanafune kukhala pansi mafunso asanathe. Caroline anandinong'oneza kuti, “Asisi, zikutheka.” Nanenso ndinakhulupirira.

Tinaiwala Fletcher.

Anabwera akukankha anthu, chigubu chachikasu m'manja. Anachiika pansi pa kawindo pomwe, kuti tichione bwino.

“Mukuseka?” anakuwa. “Mukuseka chiyani? Ana anu si amene anaimitsidwa pamzere! Tandiuzani, munthu wa kumudzi, wopanda ndi nsapato zomwe, akudziwa bwanji za ku Gabon? Akudziwa bwanji za ku Jamaica? Inu munapitako? Ine ndinapitako? Iyeyu amapitako! Amapitako usiku pa lichero lakelo, ndiye lero amafuna atenge ana anga!”

Ndinaona nkhope zikusintha, imodzi imodzi, ngati nyali zikuzima. Amene ankaseka aja anayamba kuyang'anana. Mayi wa nthochi uja anati, “Komadi, dzina la mwana wake sakulidziwa, koma za ku Jamaica akuzidziwa. Zimenezi si zabwinobwino.” Mnyamata wa Dar es Salaam uja, amene anachititsidwa manyazi, anakuwa kwambiri kuposa onse. Nzeru zanga zomwe zija zinali zitatimangirira chingwe m'khosi. Yankho lililonse lolondola linasanduka umboni.

Fletcher anatsegula chigubu. Fungo la petulo linalowa pakawindo n'kudzaza kontena yonse. Lameki anayesa kumugwira dzanja, anthu anamukankhira kumbali, akumuuza kuti za kuno si za kwawo. Caroline anatulutsa kiyi m'chilundu cha chitenje.

“Asisi, mundikhululukire,” anatero akulira. “Ndili ndi ana.”

“Mphindi imodzi,” ndinatero. “Ndipatseni mphindi imodzi yokha.”

Ndinamasula kachikwama kanga ka m'chiuno n'kutulutsa chitupa cha unzika. Ndinachipititsa pansi pa waya.

“Inu a thaulo! Gwirani ichi. Musachiwerenge mokweza. A Fletcher, bwerani muone nawo, inu mumadziwa kuwerenga. Abambowa chitupachi sanachigwirepo. Ndiwafunsa funso limodzi. Akalephera, a Caroline atsegula.”

Mawu amenewa anatuluka okha, ndipo atatuluka ndinachita mantha kuposa poyamba. Nanga ndinkadziwa bwanji zimene zinatsala m'mutu umenewo? Mitsinje inatsala, zigoli zinatsala, chifukwa ankazikonda. Grey mwina anatsala, mwana wa mayankho. Koma ine, sefa? Ine amene ndinkaziziritsa ndiwo? Ndinaona kuti n'kutheka ndithu kuti anena kuti a Vitus Mbewe ali ndi mwana mmodzi, ndipo ndikanamva zimenezo pamaso pa anthu onsewo, petuloyo sakanandiwawanso kwambiri.

Ndinaima kutsogolo kwawo. Moyo wanga wonse ndinali ndisanaimepo mbali imeneyo. Ndinakweza manja, anali olemera ngati mitondo. Phwa, phwa.

“Funso!” Ndinabwereza mokweza. “Funso! Tchulani ana a a Vitus Mbewe a ku Chiosya, ndi masiku awo obadwa.”

Abambo anayang'ana kudenga. Milomo inayenda popanda mawu. Kunja munthu wina anakhosomola, thiraki ina inalira patali. Ndinamva kiyi ya Caroline ikugunda loko.

“A Vitus Mbewe ali ndi ana awiri,” anayamba. “Woyamba ndi Grey, wobadwa pa 2 Juni 1982.”

Anaima. Anameza malovu. Anayang'ana lichero pansi ngati yankho lili m'menemo. Ine ndinali kuwerenga chamumtima monga ankachitira iwo, kuti ikakwana faifi wagwa.

“Wachiwiri ndi Emelda Benedicta, wobadwa pa 14 Malichi 1985, ku Ludzi, Lachinayi, kukugwa mvula.”

“Emelda Benedicta Mbewe!” anakuwa Lameki, chitupa chili m'mwamba. “14 March 1985! Ni yamene iyi! Iwe Fletcher, belenga wekha, na chithunzi ni chake!”

Koma abambo anali asanamalize. Kale, wina akakhoza funso lovuta, ankawonjezera kamfundo kena kaulere, kamene ankakatcha bonasi. Anakweza chala.

“Bonasi. Emelda ali ndi chipsera padzanja lamanja. Anapsa ndi koloboyi ali Sitandade 5, akuloweza malikulu a mayiko kuseri kwa nkhokwe kuti asaonedwe. Ankaganiza kuti bambo ake sakudziwa.” Anapukusa mutu, kamwetulira kali pakamwa. “Malikuluwo sanawagwire. Koma amene uja sagonja.”

Sindinadziwe kuti ankadziwa. Zaka zonsezi ndinkati ndinawanamiza bwino kuti ndinapsa ndi mphika. Ndinatulutsa dzanja pakawindo, pansi pa waya, chipsera chili poyera, ndipo ndinalira mokweza ngati mwana, osasamala mafoni awo.

Mayi wa nthochi uja ndiye anayamba kuligwira dzanjalo. Analitembenuza, n'kulisisita ndi chala. “Ndi mwana wawo,” anatero chapansipansi. Kenako mokweza: “Ndi mwana wawo, anthuni! Ndi matenda! Apongozi anga anafa nawo omwewa, ankatcha mwana wawo kuti amalume!” Mawu amenewo anayenda m'gulu lonse. Ndinamva miyala ikugwa pansi, umodzi umodzi. Ena anayamba kuchoka mwakachetechete, ngati anangodutsa popita kumsika. Fletcher anayang'ana chitupa nthawi yaitali, kuyang'ana ine, kuyang'ananso chitupa. Anatseka chigubu chake.

“Ndiye muziwasunga,” anatero osandiyang'ana m'maso. “Muziwatsekera. Ana anga achita mantha.”

Ndinafuna kumulavulira. Muziwatsekera! Ngati ndinkadikira iye kuti andiphunzitse. Koma ndinalibe malovu, ndipo zoona zake n'zakuti ananena zomwe ndinkapita kukachita.

Caroline anatsegula chitseko, mphepo inalowa. Anawapukuta abambo pabala paja ndi nsalu yonyowa n'kuwamwetsa madzi, akupepesa kosalekeza za kiyi uja. Ndinamuuza kuti asiye, pakadapanda iye bwenzi tikukamba za maliro. Lameki anandibwezera chitupa, n'kugwira abambo dzanja ndi manja awiri. “Ba ticha,” anatero, “mwanikumbutsa sukulu.” Abambo anamuuza kuti apitirize kulimbikira. Stefano anatulukira ndi njinga yake ngati sanathawe, ndipo tinawakweza abambo pakati, ine kumbuyo nditawakumbatira kuti asagwe, lichero nditalipanira m'khwapa.

Tinadutsa pakhoma paja. Mapu anali pomwepo, Africa yense wa khala, nyanga yake kum'mawa, Madagascar pambali, ndi kadontho kakang'ono pamene pali ife. Mayi wina anali atayamba kale kulitsuka ndi madzi.

Njira yonse mtima wanga unali kuvina. Ndinkati abwerera. Ndinkati tsopano ndapeza kiyi, tikafika ndiwomba m'manja, tikhala pakhonde, andiuza za amayi, andiuza zina zimene ankadziwa osanena. Titafika pakhomo ndinawatsitsa, Stefano n'kubwerera. Ndinawagwira mapewa, ndikuwayang'ana m'maso, dzanja la chipsera lili patsogolo pawo penipeni.

“Ababa,” ndinatero. “Tafika.”

Anayang'ana nyumba, kuyang'ana loko pachitseko, kenako kuyang'ana ine, mwaulemu womwe uja.

“Zikomo kwambiri mayi, mwandithandiza,” anatero. “Kodi inu mumafika ku Chiosya?”

“Ndimafika.”

“Mukapita mukafunse mwana wanga Emelda. Mukamuuze kuti abwere adzanditenge. Kuno amanditsekera.” Anatsitsa mawu ngati akundiuza chinsinsi. “Akangomva abwera. Amene uja sangandisiye.”

Ndinatulutsa kiyi. Inandivuta kulowetsa, maso sankaona bwino.

“Ndikamuuza, ababa,” ndinatero. “Lowani, muzimudikirira m'katimu.”

Analowa, n'kukhala pampando wawo, n'kuwongola tayi. Ine ndinapita kuseri kukafuna misomali ndi thabwa la pazenera lija.